ZA ZILEMBO ZOSEMA ZIMENE ZAKHOMEDWA PA MISHONI

Mawu amene ananena mphunzitsi wa kumudzi m'malo mwa aphunzitsi anzake pa tsiku la jubili



Akulu okonza chikondwerero ichi anatigawira ife ntchito imodzi, ndiyo kusema zilembo zamtengo zoti zikhomedwe pa chipata, pa sukulu ndi pa chipatala. Atipemphanso kuti tilongosole pamaso panu umo ntchitoyo ichitikira, kuti mawu ake alowe m'kabuku ka chikumbutso, ndipo iwo amene adzadza m'mbuyo mwathu adzawapeze. Tavomera mokondwa, pakuti pali chinthu chimodzi chimene tifuna kuchisiya m'mitima mwanu. Kusema chilembo ndiyo ntchito imene buku ndi dzanja zikomanapo. Munthu wodziwa kuwerenga koma wosadziwa kugwira sowo sangathe kuchidula, ndipo kalipentala wosazolowera maonekedwe a zilembo adzasema N woyang'ana kumbuyo. Chifukwa chake ntchito iyi iyenera kukhala m'sukulu, ndipo ikatayika m'sukulu sitidziwa kwina kumene idzasungidwa.

Tiyambe ndi kukumbukira kuti masukulu a m'dziko lino sanalekanitse ziwirizi pachiyambi. Ana a m'masukulu oyamba a kumidzi analemba ndi chala pa mchenga asanaone pepala, kotero kuti dzanja linadziwa chilembo pamodzi ndi diso. Ku Blantyre, kumene mishoni inayamba m'chaka cha 1876, anthu a dziko lomwe lino anaumba njerwa ndi kumanga tchalitchi cha St Michael and All Angels kuyambira 1888 kufikira 1891, motsogozedwa ndi David Clement Scott, amene sanaphunzire za mamangidwe kusukulu. Ku Khondowe, kumene Dr Robert Laws anasamutsirako Livingstonia m'chaka cha 1894, anyamata anaphunzira ukalipentala, umisiri wa miyala ndi kusindikiza mabuku pamodzi ndi masamu ndi Chingerezi. Ku Mvera, kumene kunayamba m'chaka cha 1889, ndi ku Nkhoma, m'chaka cha 1896, ntchito zamanja zinalimbikitsidwa kwambiri, ndipo alendo a Phelps-Stokes, pamene anayendera masukulu a dziko lino m'chaka cha 1924, anaziyamika. M'chaka cha 1929 boma linatsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi, kumene aphunzitsi a kumidzi anapita ndi akazi awo kukaphunzira za ukhondo, ulimi ndi luso lamanja.

Sitibisa kuti makolo athu ena anadandaula nazo izi, nati ntchito zamanja zikupatsidwa kwa mwana wakuda kuti asafike pa maphunziro apamwamba. Dandaulo lawo linali ndi chifukwa, ndipo anachita bwino kumenyera buku. Koma ife a masiku ano tapendekera mbali inayo, pakuti mwana atha kutsiriza Sitandade 8 asanagwirepo tchizulo, ndipo mudzi ukafuna kulemba dzina lake pa khoma utuma munthu kutauni kukagula chinsalu chosindikizidwa ndi makina, chimene dzuwa lichifufutsa ndipo mphepo ichiwang'amba.

Zilembo zazikulu zimene tizigwiritsa ntchito zinachokera kwa Aroma, ndipo iwo anazisema pa miyala. Mu mzinda wa Rome muli chipilala cha mfumu Trajan, chimene chinaimikidwa m'chaka cha 113, ndipo amisiri a zilembo a maiko ambiri aphunzira pa mawu olembedwa patsinde pake. Osema aja anatalikitsa zilembo za mzere wa pamwamba kuposa za mzere wa pansi, kuti munthu woima pansi azione ngati zofanana. Aroma analibe J, U ndi W. Pofuna U analemba V, kotero kuti dzina la sukulu yathu akadalisema SVKVLV. Patapita zaka zambiri, m'chaka cha 1916, Edward Johnston anakonzera sitima za pansi pa nthaka za ku London zilembo zopanda timichira m'mapeto, zoti munthu wofulumira awerenge ali kutali. Mtundu wotere, wopanda timichira, ndiwo tausankha ife, chifukwa suvuta kudula ndipo ulibe tinsonga tothyoka msanga.

Tsono tilongosole ntchito yokha, mwa dongosolo lake.

Choyamba ndicho kuyesa mtunda. Musanagwire thabwa, pitani mukaime pamene owerenga adzaima, muyese kutalika kwake kufikira pa khoma. Amisiri a zikwangwani ali ndi lamulo lakuti inchi imodzi ya msinkhu wa chilembo iwerengeka mosavuta pa mapazi 10. Popeza msewu wathu uli ngati mapazi 100 kuchokera pa chipata, tinasankha zilembo za mainchesi 10. Werenganinso m'litali mwa mawu onse kuti muone ngati adzakwana pa khomapo. Mawu akuti TAKULANDIRANI ali ndi zilembo 13, ndipo pa msinkhu umenewu, pamodzi ndi mipata yake, afuna malo okwana ngati mapazi 9.

Chachiwiri ndicho kujambula. Tengani katoni, mujambulepo timabokosi ta mainchesi 2 mbali zonse, timabokosi 5 kuchokera pansi kufikira pamwamba. Kunenepa kwa mwendo wa chilembo kukhale kabokosi kamodzi, ndiko kunena gawo limodzi mwa magawo 5 a msinkhu wake. Zilembo sizilingana m'lifupi. I atenga kabokosi kamodzi, E, F ndi L atenga 3, H, N, K, A ndi U atenga 4, O ndi C ayandikira 5, ndipo M ndi W atenga 5 kapena kupitirira. Pojambula zozungulira simusowa chida chogula, pakuti msomali, kachingwe ndi pensulo zikwanira.

Apa pali chinthu chodabwitsa chimene rula sangakuuzeni, ndicho chakuti diso la munthu siliona monga rula ayesa. Mukasema O wolingana ndendende ndi H, ndi kuwaimika pamodzi, O adzaoneka wamfupi, chifukwa afika pa mzere ndi kansonga kokha ka kuzungulira kwake. Kotero O, C, S, ndi pansi pa U, ziyenera kupitirira mzere pang'ono, ngati gawo limodzi mwa magawo 8 a inchi kapena kuposerapo pang'ono. Mtanda wa pakati pa H ndi E mukauika pakati penipeni udzaoneka wotsika, choncho ukwezeni pang'ono. Koma mtanda wa A utsitseni, kuti kabowo ka pamwamba kasatsekeke. Mizere yogona ioneka yonenepa kuposa yoimirira ngakhale zili zofanana, motero ichepetseni pang'ono. Mimba ya pamwamba ya S ndi B ikhale yocheperapo kuposa ya pansi, kuti chilembo chisaoneke ngati munthu wosenza mtolo womposa. Izi zonse nzazing'ono, koma ndizo zisiyanitsa chilembo chokhazikika ndi chilembo chotsimphina.

Mukatha kujambula, dulani katoniyo kuti ikhale patani, monga achita atelala. Patani imodzi itumikira chilembo chomwecho kangapo. Pa TAKULANDIRANI tinadula mapatani 9 okha, pakuti A alimo katatu, N kawiri, ndi I kawiri. Lembani chizindikiro kumaso kwa patani iliyonse ndi kusonyeza kumwamba kwake, chifukwa katoni ikatembenuzika N, S, K, L ndi R zituluka zoyang'ana kumbuyo, ndipo thabwa lodulidwa silibwereranso.

Samaliraninso kalembedwe ka mawu. Okalamba pakati panu akumbuka kuti kale tinalemba Cipatala ndi Cicewa, monga momwe Buku Lopatulika lakale linasindikizidwira, ndipo abale athu a ku Zambia alembabe motero. Koma kuyambira m'chaka cha 1973 malamulo a kalembedwe ka Chichewa m'Malawi anaika H pambuyo pa C. Chifukwa chake mawu onse awerengedwe ndi aphunzitsi awiri kapena atatu sowo asanakhudze mtengo, pakuti cholakwa cha pa bolodi chifufutika ndi nsanza, koma cholakwa cha pa khoma chiphunzitsa ana zonama tsiku ndi tsiku.

Chachitatu ndicho kusankha mtengo. Mlombwa ndiwo uposa, chifukwa mtima wake chiswe sichiukonda, ndipo suchepa kwambiri pouma. Mbawa nayonso isemeka bwino. Makolo athu anatamanda mkungudza wa ku Mulanje, umene unatchedwa mtengo wa fuko m'chaka cha 1984, koma mtengowo watsala pang'ono kutha m'phirimo, ndipo Mkhristu asagule thabwa lake. Ngakhale mlombwa ndi mbawa zachepa, kotero kuti m'chaka cha 2022 maiko anagwirizana ku Panama kuti malonda a mitengo iyi pakati pa maiko adzilondedwa. Ife sitinagwetse mtengo ndi umodzi womwe. Tinapempha mabenchi akale othyoka miyendo ndi zitseko zochotsedwa, ndipo matabwa ake, amene akhala zaka zambiri pansi pa denga, ndiwo ouma koposa onse. Paini asemeka mofewa ndipo apezeka mosavuta, koma afuna penti wosamalitsa chifukwa chiswe ndi mvula zimgonjetsa msanga. Bulugamu ang'aluka ndi kupindika, choncho musamdalire pa ntchito iyi. Pulayiwudi wamba akanyowa amatuka masamba masamba.

Ngati mulibe kuchitira mwina koma kugula thabwa latsopano, liumitseni pamthunzi, mutaika timitengo pakati pa thabwa ndi thabwa kuti mphepo ipite. Amisiri ati thabwa la inchi imodzi lifuna ngati chaka chathunthu kuti liume bwino. Thabwa laliwisi lichepa m'lifupi mwake pouma, ndipo chilembo chosemedwa pamenepo chidzang'aluka penti ali watsopano. Pewani mfundo, ndipo pewaninso mbali yoyera ya kunja kwa mtengo, pakuti ndiyo imene tizilombo tofumbula tiyambirapo.

Chachinayi ndicho kudziwa mitsempha ya thabwa. Mtengo uli ngati mtolo wa udzu womangidwa pamodzi. Kuuthyola mopingasa nkovuta, koma kuung'amba motsata mitsempha nkwapafupi, monga adziwa aliyense wowaza nkhuni. Mukagoneka patani ya T pa thabwa, mwendo wake utatsata mitsempha, manja ake awiri adzakhala ndi mitsempha yaifupi, ndipo adzathyoka ndi chala. Kotero zilembo zowongoka, monga T, L, E, F ndi H, nkwabwino kuzipanga ndi timatabwa tosiyana, chilichonse chotsata mitsempha yake, ndi kuzilumikiza pochotsa theka la kunenepa kwa ichi ndi theka la icho kuti zigonerane, kenaka guluu ndi msomali. Njira imeneyi isunganso matabwa. Zozungulira, monga O, S, C ndi U, zidulidwa pa thabwa limodzi lalikulu, ndipo pamalo pofooka timata kathabwa kopyapyala kumbuyo, mitsempha yake itapingasa. Funsani guluu wosaopa madzi, chifukwa guluu woyera wamba afewa akanyowa.

Chachisanu ndicho kudula. Zida zofunika si zambiri: puleni, sikweya, sowo wamkulu, kasowo ka mpeni wopyapyala womangidwa pa uta wachitsulo, chobowolera chamanja, tchizulo ziwiri kapena zitatu, nyundo yamtengo, tupa, sandipepa, ndi mwala wonolera. Zonsezi zilowa m'bokosi limodzi, ndipo palibe chimene chifuna magetsi. Yambani ndi kupala thabwa kuti lisalale, kunenepa kwake kukhale inchi imodzi. Lipanikizeni zolimba pa benchi, chifukwa thabwa logwedera lithyola mpeni wa kasowo ndi kuvulaza zala.

Zilembo za mabowo, monga A, D, O, P, R ndi B, ziyambidwe m'kati, thabwa likadali lamphumphu ndi lolimba. Boolani kabowo m'kati mwa malo ochotsedwawo, mutaika thabwa lachabe kunsi kuti mtengo usanyotsoke potuluka chobowolera. Masulani mpeni wa kasowo, muupise pa kabowoko, muumangenso pa uta wake, ndipo mudule mozungulira. Mano a mpeniwo ayang'ane ku chigwiriro, kuti adule pamene mukoka, pakuti mpeni wopyapyala upindika ukakankhidwa. Musadule pa mzere penipeni. Siyani mzere uoneke, ndipo chotsalacho muchichotse ndi tupa ndi tchizulo. Sowo asapendeke, chifukwa akapendeka kumaso kwa chilembo kudzakhala kolondola koma kumbuyo kudzakhala kochepa. Musaukakamize sowo, mulekeni adye yekha. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo mwana amene atsiriza S wake woyamba osathyola mpeni waphunzira mwambi umenewu ndi manja ake.

Pogwira tchizulo, manja onse awiri akhale kumbuyo kwa msonga yake, ndipo musasemere kulunjika pa thupi lanu. Chida chobuntha ndicho chivulaza, pakuti chifuna mphamvu zambiri ndipo chiterereka. Mukamakwecha ndi sandipepa, mangani kansalu pamphuno, makamaka pa mlombwa, umene fumbi lake litsokomoletsa. Pomaliza, kwechani ngodya zonse zakuthwa kuti zibunthe pang'ono, chifukwa penti sakhala pa ngodya yakuthwa, ndipo pamene penti apyapyala ndipo pamene madzi alowera. M'mphepete mwa pamwamba muzipendeketse pang'ono, kuti madzi a mvula asaime.

Chachisanu ndi chimodzi ndicho kupaka penti. Mdani wamkulu wa chilembo ndi madzi, ndipo madzi alowa pamene mitsempha yadukira, ndiko kunena pamutu ndi kumapazi a chilembo. Pamenepo mtengo uyamwa ngati bango, choncho pakanipo penti woyamba kawiri kapena katatu kufikira utaleka kumwa. Pakani mbali zonse, ndi kumbuyo komwe, ngakhale palibe adzaonako, chifukwa chilembo chopakidwa kumaso kokha chinyowa mbali imodzi ndipo chipindika. Pambuyo pa penti woyamba pabwere wachiwiri wokutira, kenaka wonyezimira kawiri. Penti aliyense akhale wopyapyala, ndipo aume tsiku lathunthu winayo asanadze. Ntchito iyi ichitike m'chilimwe, pamthunzi, pamalo popanda fumbi. Musayambe mwapaka oyilo wakuda wa galimoto poopa chiswe, monga tichita pa mitengo ya denga, pakuti penti sagwira pa oyilo. Dziwaninso kuti penti wakale, wonga wa pa zitseko zakale, nthawi zina ali ndi mtovu, umene uwononga ubongo wa ana. Choncho thabwa lakale lipalidwe ndi akulu, panja, litanyowetsedwa kuti fumbi lisauluke, ndipo zopalidwazo zisatenthedwe pa moto wophikira.

Pa mtundu wa penti, lamulo ndi limodzi: chilembo chisiyane kwambiri ndi khoma. Pa khoma la njereza ikani zakuda kapena zobiriwira kwambiri, pa khoma la njerwa zootcha ikani zoyera. Chofiira pa njerwa chisowa madzulo.

Chachisanu ndi chiwiri, chimene chivuta koposa zonse, ndicho kuika mipata. Munthu wosazolowera atenga rula nayesa inchi imodzi ndi theka pakati pa chilembo chilichonse ndi chinzake, ndipo adabwa poona kuti mawu ake aduka pakati. Taonani mawu akuti CHIPATALA. Pakati pa H ndi I, ndi pakati pa I ndi P, pali miyendo yowongoka yoyang'anana, ndipo mpata wake uoneka wothina. Koma pansi pa mimba ya P pali malo opanda kanthu, pansi pa manja a T palinso malo, ndipo pamwamba pa phazi la L, pomwe A apendekera kwina, pali bwalo lalikulu. Mukayesa ndi rula, mwana adzawerenga CHIP padera, ndi A wotsiriza padera. Tsono yesani motere: ganizani kuti muli ndi chikho cha mchenga, ndipo mufuna kuthira mchenga wofanana pakati pa zilembo ziwiri zilizonse. Pamenepo mudzatalikitsa H ndi I, mudzayandikitsa P ndi A, mudzalowetsa phazi la A kunsi kwa dzanja la T, ndipo L ndi A zidzatsala pang'ono kukhudzana. Chimene chiyenera kulingana ndi kukula kwa malo apakatiwo.

Yalani zilembo pansi motsata chingwe chokoka, kapena muziimike potsamira khoma, mubwerere mapazi makumi angapo, mutsinzine pang'ono, ndipo muyang'ane zilembo zitatu zitatu, kuona ngati cha pakati chili pakati. Wina aime kutali nanene, wina asunthe, pakuti mutu umodzi susenza denga. Woweruza wotsiriza akhale mwana wa Sitandade 1, amene awerenga chilembo ndi chilembo. Wamkulu adziwa kale mawuwo ndipo diso lake likonza cholakwa osachiona, koma mwana akakakamira, dziwani kuti pamenepo mpata sunakhale bwino.

Chachisanu ndi chitatu ndicho kukhoma. Zilembo zikakhala m'malo mwake pansi, pisani pepala lalitali kunsi kwake, mujambule mozungulira chilichonse ndi kulemba pamene misomali idzalowa. Pepalalo mulimate pa khoma motsata levulo, ndipo muboole potsata zizindikiro. Boolani pa njerwa, musaboole pa dothi la pakati pa njerwa, ndipo m'mabowomo mukhomere timitengo touma kapena timapulagi tapulasitiki. Chilembo chilichonse chigwidwe ndi misomali yopota iwiri kapena itatu. Ngakhale I afuna iwiri, pakuti umodzi umlola kuzungulira. Misomaliyo ikhale yosachita dzimbiri, chifukwa ya chitsulo wamba ikhetsa misozi yofiira pa khoma mvula yoyamba ikagwa.

Chilembo chisagone pa khoma. Pa msomali uliwonse pisani kachidutswa ka paipi kotalika theka la inchi, kuti pakhale mpata pakati pa chilembo ndi khoma. Mpata umenewu uchita ntchito zitatu. Madzi atsika kumbuyo osaima, mphepo iumitsa mtengo, ndipo dzuwa liponya mthunzi pa khoma, umene uimiritsa chilembo ndi kuchionetsa kutali. Mthunziwo ndiwo usiyanitsa chilembo chosema ndi chilembo chopaka pa khoma. Mukadutsa pa chipata m'mawa ndi madzulo mudzaona kuti mawu omwewo asintha nkhope monga dzuwa liyenda.

Ntchito sithera pa kukhoma. Chaka ndi chaka, mvula isanayambe, munthu akwere pa makwerero, achotse nyumba za mavu ndi njira za chiswe, amange msomali umene wakhwepa, ndipo pamene penti wayamba kusweka akweche ndi kupakanso. Chilembo chosamalidwa motere chikhala zaka zambiri, ndipo china chikathyoka, patani yake ilipo, chisemedwa china tsiku limodzi. Apa ndipo pali kusiyana kwakukulu ndi chinsalu chogula. Chinsalu chikang'ambika chitayidwa chonse, ndipo mudzi usonkhanso ndalama, chifukwa palibe m'mudzimo amene adziwa kuchikonza. Sitinyoza makina, pakuti kabuku kano komwe kasindikizidwa ndi makina. Koma dzina la malo liyenera kukhala m'manja mwa anthu amene adzakhalapobe mawa kuti alikonze.

Kuti muone kulemera kumene zilembo zoyalidwa ndi manja zingasenze, kumbukirani zimene zinachitika ku Livingstonia m'chaka cha 1959, pa nthawi ya chipwirikiti, pamene boma la atsamunda linamanga atsogoleri ambiri a dziko lino. Ndege ya boma inaponya uthenga pa mishoniyo, kufunsa ngati azungu a kumeneko afuna kuchotsedwa chifukwa cha ngozi, ndi kuwauza kuti ayankhe poika chizindikiro pansi. Anthu a pa mishoni, akuda ndi oyera pamodzi, anayala pa kapinga zilembo zazikulu zoyera, zotchula kalata ya kwa Aefeso, mutu 2, ndime 14, ndime yonena za mtendere pakati pa anthu amene anali olekana. Ndege inabwera, inaona, ndipo mbiri yake inamveka kutali. Anthu aja anafunika kudziwa buku kuti asankhe mawu, ndipo anafunika kudziwa msinkhu, kunenepa ndi mipata ya zilembo kuti munthu wa m'mwamba awerenge. Chimodzi chikadasowa, yankho lawo silikadafika.

Chifukwa chake, inu akulu a mpingo ndi a komiti ya sukulu, tili ndi mapempho anayi. Loyamba, kuti bokosi la zida zimene tatchulazi ligulidwe ndi kukhala chuma cha sukulu, cholembedwa m'buku, ndipo mphunzitsi mmodzi asunge kiyi wake. Lachiwiri, kuti tsiku limodzi pa sabata, masana, anyamata ndi atsikana a makalasi apamwamba aphunzire ntchito iyi, pakuti taona kuti dzanja la mtsikana lidula S bwino lomwe monga la mnyamata. Lachitatu, kuti makalipentala achikulire a m'midzi yathu, amene adziwa kunola tchizulo ndi kuwongola mano a sowo, aitanidwe kudzaphunzitsa ndi kulandira mphotho yoyenera, maso awo asanachite chidima ndipo nzeru zawo zisanapite nawo kumanda. Lachinayi, kuti mapatani onse, kuyambira A kufikira Z, asungidwe m'nyumba ya mpingo pamalo pouma, kuti mudzi uliwonse wofuna kulemba dzina la sukulu yake, la chitsime chake, kapena la m'bale wake pa mtanda wa kumanda, ubwereke ndi kubweza. Ndipo pa mtengo uliwonse umene udzagwetsedwa chifukwa cha ntchito iyi, ana abzale ina m'malo mwake ndi kuithirira.

Inu ana, mawu athu otsiriza ali kwa inu. Mmera mpoyamba. Yambani ndi I, amene ali kathabwa kowongoka, mupite pa L ndi T, kenaka A, ndipo S mumsiye kumapeto. Amene adzatha kusema dzina lake lonse, ndi kuliika mipata yoyenera, adzakhala ataphunzira kuyesa, kuwerengera, kudikira ndi kuyang'anitsitsa, ndipo izi zidzamthandiza ngakhale atakhala dokotala, mlimi kapena mbusa.

Tithokoza makolo amene analola ana awo kutsalira masana, akulu a mpingo amene anatipatsa mabenchi akale, amisiri amene anatibwereka zida, ndi amayi amene anatiphikira pa masiku a ntchito.  Mulungu amene anasunga mishoni ino kufikira lero akhale nanu, ndipo adalitse ntchito ya manja anu.